Asakunamizeni kuti wosakaniza ndi wofatsa

Achemwali, ndangowerenga funso lanu loti kodi mutenge galu wa mtundu wosakaniza, mtima wanga wathamanga, ndiye mundikhululukire ndikalemba mosalongosoka. Kagalu ka Husky kosakaniza ndi Malamute, inuyo mumachoka mbandakucha n'kubwera kutada, mpanda wake wofika m'chiuno? Ayi ndithu. Ine zinandionekera.

Wanga dzina lake ndi Mphepo. Bambo amene anandigulitsa uja ndikamukumbukira mpaka lero ndimakukuta mano. Akuti poti ndi wosakaniza, magazi a Malamute amamufatsitsa, ndi galu wogona pakhonde, kungozungulira naye pang'ono madzulo basi. Bodza lankunkhuniza! Mitundu iwiri yonseyi ndi yokoka ngolo pachipale chofewa. Husky anawetedwa ndi anthu a mtundu wa Chukchi ku Siberia kuti azithamanga mitunda italiitali, Malamute ndi wa ku Alaska, wokoka katundu wolemera. Agalu okoka ngolowa ndi amene mu 1925 analandirana mankhwala a matenda a pakhosi otchedwa diphtheria pa mtunda woposa makilomita 1,000 mpaka kukafika m'tauni ya Nome ku Alaska, masiku 6 osakwana. Ndiye mdzukulu wa amenewo akhale phee pakhonde ngati mphaka? Bamboyo ankadziwa, maso ake anali pa ndalama. Nditamuimbira zitavuta, anati ndine amene sinditha kusunga galu, kenako n'kundibuloka. Munthu wopanda manyazi.

Mphepo anali ndi miyezi 11. Tsikulo kunatentha koopsa, ndipo ndinabwerera kunyumba masana chifukwa ndinaiwala makiyi a kuntchito, apo ayi bwenzi pano ndikukamba za malemu. Ndinangoona dothi lili mbwee, pansi pa mpanda pali dzenje loti mwana n'kukwawamo. Ndinayendayenda maola awiri ndikuitana mpaka mawu kusasa, chonsecho galu wamtunduwu akayamba liwiro dzina lake salimva. Ndinakamupeza m'ngalande m'mbali mwa msewu, atagona chammbali. Lilime lili panja, lofiira psuu, malovu akutanuka ngati ulimbo, nthiti zikungoti phaphapha. Ndinamuimiritsa, miyendo yakumbuyo inangoti lende. Anasanzira pansapato zanga. Maso ake aja, limodzi labuluu lina lofiirira, ankayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Ndinamunyamula, makilogalamu 28, mphamvu zake sindidziwa zinachokera kuti. Mayi wina wachifundo anatuluka ndi ndowa ya madzi, tinayamba kumuthira pamimba, m'khwapa, m'mphechepeche, kuphazi, ndowa ikatha mayiyo kukatunga ina. Pamenepo n'kuti mkulu wina atangopinda manja akuti, "Mukanam'meta ubweyawu sizikanachitika." Ndinadzigwira, mawu amene anabwera kukamwa kwanga si olemba pagulu pano.

Kwa dokotala wa ziweto kutentha kwa thupi lake kunali pa madigiri Celsius 41.6, pamene galu wabwinobwino amakhala cha m'ma 38 ndi 39. Dokotalayo anati madzi aja ndi amene anamupulumutsa, chifukwa kutentha kotero kumawononga impso, ubongo, ngakhale magazi amasiya kuundana bwino. Anakhala masiku atatu pa dilipi, ine osagona, foni ikalira thupi lonse kuzizira.

Zometazo musamvere aliyense. Galu satuluka thukuta ngati ife, kangachepe chabe kuphazi, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu kuja. Ubweya wake ndi wa magawo awiri, wamkati wofewa ngati thonje ndi wakunja wautali umene umatchinga khungu kudzuwa. Mukaumeta khungu limapsa, ndipo nthawi zina umamera mwa zigambazigamba. Choyenera ndi kupesa wamkatiwo. Umathothoka kwambiri kawiri pachaka, mudzadzaza matumba, mudzaupeza m'kapu, m'bulangeti, pa zovala zakuda ndiye musanene.

Langizo langa, musatenge. Komabe ndikudziwa kuti timaso tija mwationa kale ndipo simundimvera, ineyo sindinamvere munthu. Ndiye konzekerani maola awiri tsiku lililonse oyenda ndi kuthamanga naye, dzuwa lisanatuluke komanso litalowa, masana akhale pamthunzi ndi madzi ambiri. Muziyamba mwaika dzanja pansi pamsewu, kukakutentherani ndiye kuti iye apsa mapazi. Mpanda ufike mamita awiri ndipo waya alowe pansi, chifukwa akalephera kudumpha amakumba. Muikitseni microchip kwa dokotala, kachipangizo kakang'ono ka pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake akasochera. Amphaka ndi nkhuku za aneba kwa iye ndi nyama zosaka, mudzapepesa mpaka kutopa. Ndipo musadalire kuti azilondera nyumba, wanga sauwa n'komwe, amangokuwa ngati akuimba nyimbo, mlendo aliyense amamugwedezera mchira.

Chingwe musamumasule, ngakhale tsiku limodzi. Ine Loweruka ndimamumasula pabwalo lina lalikulu chifukwa kumuona akuthamanga mtima umasungunuka, koma zimenezo musatengere ine, wandithawa kale kawiri. Kusungulumwa ndiye kumamupengetsa kwambiri, choncho ngati mumakhaladi kuntchito tsiku lonse mwina bola mutenge awiri. Ine ndinatero chaka chatha, kwa munthu wina osati wabodza uja. Kukumba kwachepa, koma makhushoni a pasofa anatha onse. Ndilekere pomwepa, ayamba kale kukuwa pakhomo, wina chingwe chili kukamwa.