Mukufuna kudzaima ukhansala ku Bangwe? Tamvani kaye achemwali

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Bangwe, amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Akuti atopa ndi zinyalala zotseka ngalande mvula ikagwa, ndiye akufuna kudzaima ukhansala mu 2030, koma akufunsa ngati ntchitoyi ingawadyetse komanso ayambire pati.

Achemwali, kaunjika wanuyo musamusiye chonde. Khansala salandira salale ngati wogwira ntchito m'boma, amangopatsidwa ka alawansi basi, ndipo kandalamako kamathera pa maliro. Ine ndinakhalako mukomiti ya chitukuko ya wodi kwathu ku Ndirande, ndinkaona ndi maso anga anthu akugogoda kwa akhansala 4 koloko m'mawa, uyu akufuna galimoto yopita ku Queens, uyu bokosi, uyu fizi ya mwana, ndipo ukangonena kuti lero ndilibe pofika masana nkhani yafika kale kuchigayo kuti wayamba kutukumuka. Si kuti anthuwo ndi oipa ayi, mavuto ndi enieni, koma thumba lopanda bizinesi kumbuyo silingapirire zaka 5.

Zamalamulo sizovuta, zaka 21 kupita m'mwamba, dzina lanu likhale mu kaundula wa MEC, ndipo mutha kuima pachipani kapena panokha. Pachipani konzekerani mapulaimale, nkhondo yeniyeni imakhala kumeneko, makamaka kwa mzimayi chifukwa amayamba kufunsa za banja lanu m'malo mwa mfundo zanu. Zimandipweteka kwambiri zimenezi. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti.

Chinanso, dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, ndiye anthu ambiri anazolowera kuthamangira kwa aphungu pa chilichonse, mudzatha nthawi yaitali mukungofotokoza kuti za misika, zinyalala ndi misewu ya m'makwalala zimakambidwa kukhonsolo ndipo wokazilankhula ndinu.

Poyambira ndi pomwe mwaima pomwepo. Namondwe wa Freddy atagumula Chilobwe ndi Soche mu Malichi 2023, anthu anaona okha amene ankagona nawo m'makampu a kusukulu ndi amene anangobwera kudzajambulitsa, ndipo mpaka lero sanaiwale. Lowani komiti ya sukulu kapena ya pa kiyosiki ya madzi, dziwanani ndi mabuloko lida, azimayi a banki nkhonde, achinyamata a kabaza. Ngalande ikukusowetsani tuloyo itanani anzanu Loweruka muitsegule ndi makasu, musadikire mpando. Kenako kwerani minibasi mutsikire ku Chichiri, mukafunse ku Civic Centre, kulikulu la khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ofesi yoona za zinyalala zopita kumtaya wa ku Mzedi, mutenge kalata yosainidwa ndi anthu a m'dera lanu, musapite chimanjamanja.

Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti galimoto ya zinyalala akuti izifika tsiku liti ku Bangweko.