Funsani Mmisiri: Basi tagula, mipando tachotsa, nanga bedi ndi bafa zikhale pati?

FUNSO: A Mmisiri, moni. Ine ndi mayi akunyumba tinagula basi yakale ya mamita 11, injini yake ili kutsogolo, ndipo tikufuna ikhale nyumba yathu ife ndi ana athu awiri, tizigona momwemo komanso tiziyenda nayo. Mipando tazula yonse. Vuto ndi loti sitikugwirizana, iwo akufuna bafa lalikulu kumbuyo kwenikweni, ine ndikuti kumbuyoko kukhale bedi lathu, nde kalipentala wangoti mukagwirizana mundiimbire. Tajambula papepala koma tikalowa m'basimo zimaoneka zina. Tiyambire pati? (Bambo wa ana awiri)

YANKHO: Bambo, kalipentala wanuyo wachita bwino kudikira, ndipo musamuimbire kaye. Mlandu wa bedi ndi bafawu aweruze ndi basiyo, chifukwa m'menemo muli zinthu zoti olo mutafuna bwanji simungazisunthe, ndipo ndi zimenezo zomwe zimakuuzani kuti ichi chikhale apa, icho chikhale apo. Ndikunena malo otukuka aja pamene pali matayala, khomo lolowera ndi masitepe ake, khomo lothawira pangozi, chivundikiro cha injini pambali pa dalaivala, ndi nthiti za basi, zitsulo zija zimachokera pansi mbali ino kudutsa kudenga mpaka kukatsikira mbali inayo. Tengani tepi muyeze zonsezi, mulembe. Mukatha valani zovala zakutha mulowe pansi pa basi ndi tochi, muone pamene pali thanki ya dizilo, pamene padutsa shafuti ndi ekizozi, ndi pamene pali zitsulo zikuluzikulu za chasisi, chifukwa paipi yotulutsa madzi a m'bafa iyenera kuboola pansi penapake, ndiye mukaika bafa pamwamba pa thanki ya dizilo madziwo atulukira kuti?

Mamita 11 amenewo ndi akunja. Mukachotsa mphuno ya basi, malo a dalaivala ndi masitepe mupeza kuti mamita awiri kapena kuposerapo apita kale musanaike ngakhale thabwa limodzi. M'mimba mwakenso chimodzimodzi, mabasi akuluakulu kunja kwake amakhala mamita 2.5 kapena kupitirirako pang'ono chifukwa malamulo apamsewu m'maiko ambiri amalekezera pamenepo, mkati mumatsala pafupifupi 2.3, ndipo mukaika zotchingira kutentha ndi pulayiwudi mbali zonse ziwiri masentimita ena 10 apitanso. Nchifukwa chake papepala zimaoneka kuti zikwana koma mukalowamo zimakana.

Tsopano za kumbuyo kuja. Ine ndikuti kukhale bedi, koma chifukwa chake si chakuti mwawina ndinu bambo ayi, ndi kulemera. Gawo la basi lomwe lili kuseri kwa matayala akumbuyo limangolendewera, ndi lomwe limadumpha kwambiri mukagunda bampu, ndipo chilichonse cholemera chomwe mungaike kumeneko chimapepukitsa kutsogolo, chiwongolero nkumamveka chopepuka m'manja pamene matayala akutsogolo ndi amene amafunika kugwira msewu bwino. Bafa limabwera ndi madzi, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye thanki ya malita 300 ndi makilo 300, kuonjezera thanki ya madzi akuda, mapaipi, makoma. Bedi ndi matiresi ndi matabwa ochepa basi. Lamulo lake ndi losavuta, zolemera zonse, madzi, mabatire, fuliji, zikhale pansi ndiponso pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zigawidwe kumanja ndi kumanzere kuti basi isamayende chopendama. Musanagule thabwa pitani nayo basiyo pa sikelo ya magalimoto akuluakulu ili yopanda kanthu, akuyezereni ekiselo iliyonse payokha, ndiye kuti matayala akutsogolo paokha ndi akumbuyo paokha, kenako mufananize ndi manambala omwe ali pa kachitsulo komwe opanga basi anakhoma pafupi ndi khomo kapena ndi mpando wa dalaivala. Chotsalacho ndiye katundu yense amene mukuloledwa kuikamo, kuphatikiza inuyo, mayi ndi ana.

Koma mayi akunena zoona pa mfundo yoti bafa lisakhale kakabati koti munthu sangatembenukemo. Banja la anthu anayi bafa limagwira ntchito tsiku lonse, ndipo mayi akudziwa kuti kusambitsa mwana kumafuna malo oti munthu wamkulu agwade. Liikeni pakati, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ligawane khoma limodzi ndi khitchini kuti sinki ndi shawa zimwe paipi imodzi ndipo madzi akuda atsikire pamalo amodzi. Mapaipi akachepa malo odontha amachepanso. Pansi posambira pakhale masentimita 80 mbali zonse ngati malo alola, 70 ndiye pomalizira, ndipo poti denga la basi ndi lokhota, mutu wa shawa ukhale chakumbali ya pakati kumene denga ndi lalitali, osati kukhoma kumene munthu wamtali angamasambe chowerama.

Bedi lanu ligone chopingasa. Matiresi a dabulo amakhala pafupifupi masentimita 140 m'lifupi ndi 190 m'litali, ndiye mukaligoneka chopingasa limakwana bwinobwino m'mimba mwa basi ndipo limangodya 140 pa utali wa nyumba yanu m'malo mwa 190. Choipa chake nchakuti wogona kukhoma akafuna kutuluka usiku amadumpha mnzake, izi mukambirane panopa osati mutakhoma kale. Mulikweze kuti pansi pake pakhale mosungira katundu wopepuka, zofunda, zovala za nyengo ina, koma musakwezetse, pakati pa matiresi ndi denga patsale masentimita ngati 90 kuti munthu azitha kukhala tsonga. Ndipo ngati khomo lothawira lili kumbuyo komweko musalitseke ndi thabwa, bedi lipangidwe moti munthu akhoza kukwawa pamwamba pake nkutsegula khomolo ali mkati. Khitchini ikakhala pakati moto ukabuka umadula basi pawiri, ogona kumbuyo ayenera kukhala ndi potulukira pawo. Apa sindinyengerera munthu.

Ana awapangire kalipentala mabedi osanjikiza pamwamba pa malo otukuka a matayala aja, chifukwa pamenepo simungayendepo kale, bola pagone bedi kapena kabati. Koma mawu oti mipando tazula yonse andidetsa nkhawa. Ngati simunaigulitse sunganiko iwiri kapena itatu. Basi ikamayenda palibe amene ayenera kugona pabedi kapena kukhala pa sofa wamatabwa, aliyense akhale pampando wa lamba womangidwa ndi mabauti odutsa m'chitsulo cha basi, osati masikulu olowa m'pulayiwudi, ndipo ngati mipando yakaleyo inalibe malamba ntchito yoika malambayo mupatse munthu amene amaidziwa. Mipando imeneyi iikeni kutsogolo kuseri kwa dalaivala, mukaima imakhala yomweyo yodyerapo mukaika tebulo lopinda.

Kanjira kodutsa anthu ambiri amakaika pakati, makabati uku ndi uku, ndipo nkosavuta kupanga komanso kulemera kumagawikana kokha. Kasachepere masentimita 60, pakhitchini kakhale 80 kapena kuposa kuti wina akamaphika mnzake athe kudutsa kumbuyo kwake. Ena amakapititsa mbali imodzi kuyambira pabafa kuti bafalo likule komanso kuti munthu akalowa pakhomo asaone mpaka kubedi, ndipo kwa inu amene muli ndi ana ine ndingasankhe zimenezi.

Zonsezi musazikhulupirire chifukwa ndanena ine. Kokani chingwe pakatikati pa basi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mulembe mzere, miyeso yonse muziyambira pamzere umenewu chifukwa makoma a basi saongoka. Kalipentala mumuuzenso kuti levulo, kachida koonera ngati chinthu sichinapendame, aisiye kunyumba, basi siima mofanana paliponse, agwiritse ntchito sikweya kuyambira pansi popondapo mkati mwa basiyo. Kenako tengani tepi yomata mulembe pansi zipinda zonse, mupeze makatoni akuluakulu muwaimike pamene pakhale fuliji, bafa ndi makabati, muike matiresi pansi, mugone momwemo banja lonse masiku angapo. Mayi aime pamene pakhale sitovu atambasule zigongono, mwana athamange kupita kutoyileti nthawi yomweyo, inu muwerame mumange zingwe za nsapato pakhomo muone ngati msana sukugunda kabati. Tsegulani chitseko cha katoni cha fuliji muone ngati sichikutseka njira yonse. Mudzazindikira kuti papepala panalibe poika nsapato zamatope, zovala zakuda, bini ndi tsache, tinthu timene timasokoneza nyumba yaing'ono kuposa china chilichonse. Katoni mukhoza kuisuntha ndi phazi kangati konse, kabati yokhoma kale kuichotsa ndi ndalama ndi mabowo.

Gasi ngati mukufuna kuphikira, silinda ikhale m'kabokosi kake kotsekedwa bwino mbali ya mkati, kokhala ndi bowo pansi lotulukira panja, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amatsika nkudikha pansi. Muikenso alamu ya utsi, alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wosanunkha, pafupi ndi pogona, ndi chozimitsira moto pamalo oti dzanja lifika msanga.

FUNSO: A Mmisiri, ine ndili ndekha ndipo yanga ndi Toyota Coaster. Ndimagwira ntchito pa kompyuta tsiku lonse. Anzanga akuti ndipange bedi lopinda loti masana lizikhala sofa kuti malo achuluke, komanso akuti mawindo ndisatseke ndi limodzi lomwe chifukwa ndi amene amakongoletsa. Ndimvere? (Mtsikana wofuna kuyenda)

YANKHO: Chemwali, anzanuwo sadzakhala akupinda bedi limenelo m'mawa uliwonse, mudzapinda ndinu. Bedi lopinda limafuna kuti tsiku ndi tsiku muchotse zofunda, mupeze pozisunga, madzulo mutatopa muyalenso, ndipo tsiku loti mwadwala kapena mvula yakutsekerani mkati mumafuna bedi ndi tebulo zonse nthawi imodzi. Coaster yaitali ndi pafupifupi mamita 7, kwa munthu mmodzi malo alipo oika bedi lokhazikika kumbuyo ndi desiki yakeyake. Chomwe muyeze bwino ndi m'mimba mwake, chifukwa mkati simufika mamita awiri, nde mukamata zotchingira kutentha mwina munthu wamtali sangatambasule miyendo atagona chopingasa. Gonani pansi muyese nokha. Zikakana ligonekeni motsata khoma limodzi, la singo, mbali inayo kutsale kanjira ndi kabati ya zovala. Kutalika kwa denga nakonso nkochepa m'basi zing'onozing'onozi, sentimita iliyonse yomwe muike pansi ndi kudenga muiwerengere musanagule, ndipo chivundikiro cha injini kutsogolo kuja musachikwirire ndi chilichonse chokhoma, makaniko adzafuna kutsegula.

Desiki ikhale pawindo la m'mbali kuti kuwala kuzibwera cham'mbali osati kumbuyo kwanu kumamenya pa sikirini, ndipo mabatire ndi inveta zikhale pafupi pomwepo, pansi, chifukwa mawaya a 12 volts akatalika magetsi amatayika m'njira ndipo amafunika onenepa. Ngati mabatire anu ndi aja a asidi, kabokosi kake kakhale ndi potulukira mpweya panja.

Za mawindo sindikugwirizana nawo. Galasi la basi ndi limodzi lopyapyala, dzuwa likawomba mkati mumatentha ngati uvuni, kukazizira kutentha konse kumathawira pomwepo, ndipo m'mawa mudzapeza magalasi ali thukuta lokhalokha lochokera ku mpweya wanu ndi nthunzi ya pophika, madzi amenewo amatsikira kuseri kwa pulayiwudi nkuyambitsa nkhungu ndi dzimbiri inu osaona. Komanso khoma lomwe lili windo lokhalokha simungakhomepo kabati. Sankhani mawindo amene mudzayang'anepo zoona, la padesiki, la pasinki, limodzi kapena awiri pabedi oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi lothawira pangozi. Omwe agwere kuseri kwa bafa ndi makabati achotsedwe, pakhomedwe chitsulo chomatidwa bwino, osangowaphimba mkati, chifukwa windo lobisika likayamba kudontha kapena likasweka muyenera kuphwasula kabati yonse kuti mulifike. Nthiti zija zokha musadule, ndi zimene zagwira denga. Fani ya kudenga muikonzere malo pakati pa nthiti ziwiri, chapafupi ndi pophikira, ndipo muchite zimenezi musanayale masola kuti zisadzalimbirane malo.

FUNSO: Kuti ndisunge malo mkati ndikuganiza zoika thanki ya madzi ya malita 400 padenga, madzi azitsika okha opanda pampu. Zingatheke? (Wowerenga wanu)

YANKHO: Achimwene, musayerekeze. Amenewo ndi makilo 400 pamalo okwera kwambiri pa galimoto yonse, ndipo thanki ikafika theka madzi amakhuvukira mbali imodzi pa kona iliyonse ndi pa buleki iliyonse, basi yotere siichedwa kugudubuzika. Denga lenilenilo silinapangidwire katundu wotero. Thanki ikhale pansi pa sofa kapena imangidwe ndi zitsulo kunsi kwa basi pakati pa ma ekiselo, yaitali koma yafulati, ndipo ngati mungapeze yokhala ndi timakoma mkati toletsa madzi kukhuvuka tengani imeneyo. Kapampu ka 12 volts ndi kakang'ono, kamakwana pansi pa sinki ndipo kamangolira pokhapokha mwatsegula mpopi. Ngati mukuopa kudalira magetsi ikani pampu yopondera ndi phazi pasinki, imasunganso madzi chifukwa amatuluka pokhapokha mukuponda.