Intron ikatsalira, kodi selo lalakwitsa?

Mtsikana wina wophunzira pa Mzuni wanditumizira imelo. Akuti m'kalasi anamva kuti ma intron, zigawo za uthenga wa jini zosafunika popanga puloteni, amadulidwa n'kutayidwa, koma wawerenga kuti ena amatsalira mu mRNA, uthenga umene selo limawerenga popanga puloteni. Akufunsa ngati kumeneku ndi kulakwitsa kwa selo.

Achemwali, nthawi zina kumakhaladi kulakwitsa, koma kawirikawiri selo limachitira dala.

Richard Roberts ndi Phillip Sharp anatulukira mu 1977 kuti uthenga wa jini umakhala woduladula, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Spliceosome, makina a m'selo odula uthengawu, imagwira ntchito ngati telala amene mwamupatsa chitenje cha ku Taifa: amadula zosafunika, ma intron aja, n'kulumikiza zigawo zofunika zotchedwa ma exon. Intron ikasiyidwa, nthawi zambiri imakhala ndi chizindikiro choimitsa kupanga puloteni ntchito isanathe. Selo likaona zimenezi limaphwanya mRNA yonseyo, mwina limaitsekera mu nyukiliyasi, chipinda cha m'selo chosunga DNA. Apatu ndiye pagona nkhani. Selo likafuna kuchepetsa puloteni inayake, lingathe kungosiya intron, jiniyo osaizimitsa.

Mu 2013, gulu la John Rasko ku Sydney linaonetsa zimenezi m'maselo oyera a magazi otchedwa granulocyte. Maselowa akamakhwima amasiya ma intron m'majini ambiri, kuphatikizapo ya Lamin B1, puloteni yolimbitsa khoma la nyukiliyasi. Puloteniyo imachepa, ndipo nyukiliyasi imasintha n'kukhala ya zigawozigawo monga mumaionera pa maikulosikopu. Palibe chawonongeka pamenepo, selo likungokula bwinobwino. M'zomera, kusiya intron ndiyo njira yofala kwambiri yosinthira uthenga wa jini.

Matenda amabwera intron ikatsalira pomwe siyenera. M'khansa zina, DNA imasintha pamalo odulira, intron n'kutsalira m'jini yoletsa zotupa monga TP53, ndipo mlonda wa selo amasowa.

Koma chimene ndikufuna musachiiwale ndi HIV, poti ife kuno tikuidziwa bwino. Kachilomboka sikangaswane RNA yake yosadulidwa itapanda kutuluka mu nyukiliyasi, chifukwa ndi imene imapanga Gag ndi Pol, mapuloteni omangira ndi kuchulukitsira kachilomboka, ndiponso ndi imene imalowa m'tizilombo tatsopano. Koma nthawi zambiri selo lathu limakana kutulutsa RNA yokhala ndi intron. Ndiye HIV imayamba yapanga puloteni yakeyake yotchedwa Rev kuchokera ku RNA yodulidwa. Rev imabwerera mu nyukiliyasi, n'kumamatira pagawo la RNA yosadulidwayo lotchedwa RRE, n'kuitulutsa RNA ija yathunthu. Rev ikasowa, kachilomboka kamalephera kuchulukana.

Pa mayeso lembani mmene anakuphunzitsirani, si bodza ayi. Koma mukamasankha mutu wa pulojekiti ya chaka chomaliza, ndikanakonda muyambire pa Rev.