Seva yoyambira bizinesi ya ma VPS: yang'anani RAM ndi ma disk kaye

Achimwene, mwafunsa kuti mugule seva yotani yoti muyambire kugulitsa ma VPS (timaseva ting'onoting'ono togawidwa m'kati mwa seva imodzi yaikulu) kwa makasitomala pafupifupi 20, koma osadzaitaya bizinesi ikakula. Ambiri pano akukuuzani za purosesa. Ine ndikuti purosesa isakudetseni nkhawa kwambiri. Ma VPS ang'onoang'ono nthawi zambiri amangokhala phee, ndiye core imodzi (kachigawo ka purosesa) mutha kuigawira angapo popanda vuto. Chimene chimayamba kutha ndi RAM, kenako liwiro la ma disk.

Tiwerengere limodzi. Mukakhala ndi RAM ya 128GB, siyani 16GB ya Proxmox (pulogalamu yoyendetsa ma VPS) ndi ZFS (dongosolo losungira mafayilo pa ma disk). Yotsalayo ikukwana ma VPS 28 a 4GB iliyonse, basi. Musagulitse RAM yoposa imene muli nayo, chifukwa tsiku limene onse adzaifune nthawi imodzi, seva idzayamba kuzimitsa makina a anthu. N'chifukwa chake ndimakonda Dell PowerEdge R730 yogwirapo kale ntchito. Ili ndi malo 24 olowetsa RAM ya ECC (yotha kudzikonzera zolakwika zing'onozing'ono), ndiye lero mudzaze ochepa, enawo adikire ndalama.

Pa ma disk ndi pamene ndikupemphani musaumire. Ma SSD a mu laputopu amatha msanga mukawaika pa ZFS, ndipo ambiri alibe chitetezo choti magetsi akazima mwadzidzidzi amalize kulemba zomwe anayamba. Kwathu kuno zimenezo si zongoganizira. Gulani a enterprise, monga Samsung PM883 kapena Intel S4510, muwaike awiriawiri ngati mirror, kutanthauza kuti disk iliyonse ili ndi inzake yosunga zofanana. Ubwino wake ndi wakuti malo akachepa mumangowonjezera awiri ena, seva ili chiyakire. RAIDZ, njira ina yophatikizira ma disk mu ZFS, imapatsa malo ambiri, inde, koma ma VPS ambiri akamalemba nthawi imodzi imachedwa. ZFS imafuna kuona ma disk mwachindunji, choncho ikani HBA330, khadi yongolumikiza ma disk ku seva, osati khadi ya RAID imene imaphatikiza ma disk yokha. Ndipo musalole kuti adzaze kupitirira 80%.

Za Ceph, njira yosungira mafayilo pa ma seva angapo pamodzi, dikirani kaye. Imafuna ma seva osachepera 3 ndi netiweki ya 10Gb. Mukadzagula seva yachiwiri, ZFS replication (kukopera ma VPS kuchoka pa seva ina kupita pa inzake) ikukwanirani, bola muwonjezere kakompyuta kakang'ono ka QDevice kuti pakhale voti yachitatu yogamula seva yoti ipitirize ntchito seva imodzi ikafa.

Mirror si backup, chonde. Kasitomala akafufuta mafayilo ake, amafufutika pa ma disk onse awiri nthawi yomweyo. Pezani makina ena otchipa okhala ndi ma hard disk akuluakulu, muikepo Proxmox Backup Server, ndipo asakhale m'nyumba imodzi ndi seva. Mwezi uliwonse yesani kubwezeretsa VPS imodzi muone ngati ikudzukadi.

Pa bajeti muikeponso UPS (batire yogwirizira magetsi akazima), disk imodzi yapadera ndi power supply yapadera zongokhala mu kabati. Kuitanitsa kunja kumatenga masabata, ndipo mirror yotsala ndi disk imodzi si yogonera tulo.