Yankho kwa amalume pa za moyo wanga ku Tofo

Amalume, ndaliona funso lanu lija munaika pagulu lathu dzulo usiku, loti kodi munthu wamkulu ngati ine angakhale bwanji kugombe la nyanja ku Mozambique n'kumangosewera ndi mafunde, komanso ngati ndikudya mokwanira. Ndasankha kuyankha ndi voisi kuti amayi nawonso amve okha, poti kuwerenga pafoni kumawapweteka maso.

Mudzi uno ndi Tofo, m'chigawo cha Inhambane, makilomita pafupifupi 22 kuchokera m'tauni ya Inhambane, ndipo timayenda pa minibasi zomwe kuno amazitcha chapa. Nyanja ya kuno si ngati ija munandiphunzitsiramo kusambira ku Senga Bay. Kwathu mafunde amadzuka mwera ukamawomba, mphepo ikaleka nyanja n'kugona, pomwe kuno mafunde amachokera kutali kumwera ndipo amafika ngakhale kunja kuli zii, madzinso amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Choncho ntchito yanga siyendera wotchi, imayendera madzi.

Ndimadzuka kusanache, mphepo isanayambe kusokoneza mafunde. Ndimapaka phula pamwamba pa thabwa lomwe ndimaimirirapo poyenda pamafunde kuti mapazi asamaterereke, ndimamanga chingwe cha thabwalo pakakolo, kenako ndimagona chafufumimba n'kumapalasa ndi manja mpaka kupitirira pomwe mafunde amaswekera. Pamenepo pamafunika kudekha ndithu, chifukwa mafunde amabwera m'magulu, ndipo wophunzira amathamangira loyamba pomwe wodziwa amayamba waona lomwe lili kumbuyo kwake. Odziwa amapita ku Tofinho, komwe mafunde amasweka motsata miyala, koma alendo ongoyamba kumene ndimawaphunzitsira pagombe la Tofo pomwe pansi pali mchenga wokhawokha. Kuphunzitsako ndiye malipiro anga oyamba.

Achiwiri ndi kukonza mathabwa osweka, ndipo ntchito imeneyi ndimaikonda kuposa mmene ndingafotokozere. Thabwa likang'ambika limamwa madzi, ndiye ndimayamba ndaliumitsa pamthunzi masiku angapo. Likauma ndimapala pabalapo ndi sandipepala, n'kuyalapo kansalu ka faiba, n'kuthirapo utomoni, ndipo ukalimba ndimapalanso mpaka chala chikamadutsa chisamve pomwe panali bala. Langa ndinagula lakale kwa mlendo wina amene ankabwerera kwawo, ndalikonza kasanu ndi kamodzi, ndipo sindikuona chifukwa chogulira latsopano.

Pa za chakudya musade nkhawa. Ndiwo yotchuka kuno ndi matapa, yomwe ndi chigwada chosinja bwino chotendera nsinjiro, kungoti amathiramonso madzi ofinya ku kokonati, ndipo nsima amaitcha xima. Nsomba ndimagula kwa asodzi akamakocheza, ya tsiku limenelo basi, poti ndilibe filiji. Nyumba yomwe ndimachita lendi ndi ya bango yofolera ndi masamba a kokonati, ndipo kasola kamodzi kamakwanira kuyatsa getsi ndi kutchaja foni. Ndikamatuluka m'madzi ndimatola mabotolo ndi majumbo omwe nyanja yalavula, chifukwa gombe likada alendo sabwera, asodzinso amakoka zinyalala m'maukonde awo.

Amayi anafunsa za shaki. Yomwe yatchukitsa Tofo ndi ija amati whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, koma imadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi ndipo siluma munthu. Bungwe la Marine Megafauna Foundation limachita kafukufuku wa nsombazi konkuno. M'miyezi yozizira kumadutsanso anamgumi, ndipo tsiku lina nditakhala pathabwa ndinamva mmodzi akupuma chapatali, mpweya wake uli fuu, mtima wanga n'kugunda ngati ng'oma.

Sindikubisirani, amalume, kuti ndalama zake n'zanyengo. Mu Disembala alendo ochokera ku South Africa amadzaza moti ndimasowa nthawi yodyera, koma pofika Febuluwale kumakhala phee, ndipo ndi nyengonso ya anamondwe. Anthu kuno sanaiwale Dineo wa mu 2017. Freddy yemwe uja anatiliza ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 anali atayamba wagwera chigawo chino mu Febuluwale. N'chifukwa chake zomwe ndimapeza mu Disembala ndimazigawa patatu: za lendi ya miyezi yovuta, zokonzera denga likasasuka, ndi zotumiza kumudzi.

Ndalama ya feteleza ya amayi ndaisunga kale pambali, ndipo nditumiza kumapeto kwa mwezi uno kudzera mwa achemwali. Mukaimva voisi iyi muwauze amayi kuti andiimbire Lamlungu madzulo, madzi akakhala ataphwa ndimakhala ndili pakhomo.