Musachite manyazi kufunsa ngati asamba m'manja

Mayi wina wandilembera imelo. Amuna awo akukagonekedwa kuti achitidwe opaleshoni ya m'mimba, ndiye akufunsa chochita kuti asakatengereko matenda ena kuwodi. Kumapeto alemba kuti, "Koma sindikufuna kuoneka wamwano kwa anamwino." Mawu amenewa ndi omwe andikhudza.

Mayi, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti pa odwala 100 ogonekedwa, 7 m'mayiko olemera ndi 15 m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene amatenga matenda ali m'chipatala momwemo. Majeremusi ambiri amayenda ndi manja. Dokotala wina, Ignaz Semmelweis, anazionetsa kalekale, mu 1847 mumzinda wa Vienna ku Austria: madokotala atayamba kusamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa za amayi obereka zinatsika kwambiri. Anzake anamunyoza, ndipo zimandipweteka kuti mpaka lero wodwala amaopa kutchula nkhani yomweyi.

Kunena kuti "Pepani, mwasamba m'manja?" si mwano, ndipo namwino wodziwa ntchito sakwiya nazo. Magolovesi asakunamizeni, salowa m'malo mwa kusamba. Sanitaiza azipakidwa masekondi 20 mpaka 30, mpaka manja aume. Ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60. Inunso ndi alendo muzitero musanawagwire amuna anuwo. Bambowo akayamba kutsegula m'mimba atalandira maantibayotiki, pafunika sopo ndi madzi basi, chifukwa sanitaiza sapha njere za Clostridioides difficile, jeremusi loyambitsa kutsegula m'mimba kotereku.

Za mapaipi

Paipi iliyonse yolowa m'thupi ndi khomo la majeremusi. Ya mkodzo ikamakhalitsa, chiopsezo chimakula tsiku ndi tsiku, choncho m'mawa uliwonse funsani dokotala ngati ikufunikabe. Thumba lake likhale munsi mwa chikhodzodzo koma lisagunde pansi. Mukalikweza pabedi mkodzo umabwerera m'kati ndi majeremusi ake. Paipiyo isapindike. Pamene pali kanyula (kapaipi kolowa mumtsempha) ya dilipi pakafiira, pakatupa, pakamapweteka kapena bandeji ikanyowa, nenani nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Pa za opaleshoniyo, bambowo asadzimete ndi lezala pamalo pokachekapo, chifukwa timabala tosaoneka timasunga majeremusi. Asambe thupi lonse ndi sopo usiku woti mawa opaleshoni. Bala asalikhudze. Akaloledwa kudzuka aziyenda, azipuma mokoka mpweya ndi kutsuka mano kawiri pa tsiku kuti apewe chibayo. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena bala likayamba kutuluka mafinya, itanani namwino.