Ndilipire satifiketi yoyendetsa mapulojekiti ndi ndalama zanga zomaliza?

Funso: Alangizi, ndagwira ntchito zaka 6 pa kampani ina ya zomangamanga, ndikuyang'anira zogula ndi kusunga katundu. Kontirakiti inatha, ndipo papita miyezi 7 ndili pakhomo. Ndili ndi dipuloma ya zamalonda, digiri ndilibe. M'zotsatsa ntchito ndikumaona mawu akuti PMP ndi PRINCE2, ndipo sukulu ina yandiuza kuti ndikachita maphunziro awo a sabata imodzi, ntchito sidzandisowa. Ndalama zimene ndinalandira potsanzikana zikhoza kukwanira maphunzirowo, koma ndikalipira nditsala manja lende. Ndilipire? — Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, sabata ino musalipire. PMP ndi PRINCE2 ndi masatifiketi a oyendetsa mapulojekiti, ndipo mapepala amenewa si achabe ayi, alipo anthu amene awathandiza kwambiri. Koma ndalama mwatchulazi ndi zomaliza, ndipo amene akulonjeza kuti ntchito sidzakusowani ndi yemwe akugulitsa maphunzirowo, osati wolemba ntchito. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choyamba bwererani kusukuluko mukafunse kuti tsiku lomaliza mudzatuluka ndi pepala lanji m'manja. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. PMP si ya sukulu iliyonse. Mwini wake ndi bungwe la Project Management Institute, mwachidule PMI, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1969 ndipo linayamba kupereka satifiketiyi mu 1984. Sukulu imangokukonzekeretsani, mayeso enieni mumalembetsa ku PMI ndipo amalipiridwa paokha. PRINCE2 nayo inachokera ku boma la Britain mu 1996, ndipo masiku ano mayeso ake amayendetsedwa ndi kampani ya PeopleCert. Ndiye ngati mtengo umene akuuzani ndi wa maphunziro okha, chimene mudzalandire ndi pepala longochitira umboni kuti munakhala nawo m'kalasi. Mukalemba pa CV kuti muli ndi PMP chifukwa cha pepala lotero, wolemba ntchito akhoza kukufufuzani m'kaundula wa PMI wa pa intaneti, dzina lanu n'kusapezekamo. Manyazi ake ndi oposa a munthu amene sanalembe kalikonse.

Palinso nkhani yoti kodi PMI ingakuloleni n'komwe kulemba mayesowo. Kwa zaka zambiri lamulo lakhala loti munthu wa digiri asonyeze miyezi 36 imene anatsogolera mapulojekiti, pamene wopanda digiri amafunika yochulukirapo, yofika mpaka 60, kuphatikizapo maola 35 a maphunziro. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho muwawerenge nokha patsamba la bungweli musanapereke ndalama kwa aliyense. Zaka 6 zanu ndi miyezi 72, inde, koma sikuti yonse idzawerengedwa. Kwa iwo pulojekiti ndi ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera, imene cholinga chake n'kutulutsa chinthu chimodzi chodziwika. Kulandira simenti, kulemba m'buku ndi kuwerengera katundu mwezi ukatha ndi ntchito ya masiku onse, ndipo siilowamo, ngakhale munaigwira mokhulupirika chotani. Chimene chingalowemo ndi monga nthawi imene munapatsidwa udindo wosamutsa nyumba yosungiramo katundu, kapena woyambitsa njira yatsopano yolembera katundu pa kompyuta, kapena wokonza dongosolo lonse la zogula za nyumba imodzi kuyambira pamaziko mpaka kupereka makiyi. Khalani pansi ndi cholembera, mukumbukire ntchito zoterezi imodzi imodzi, iliyonse ndi mwezi umene inayamba ndi umene inatha. Osakometsera. PMI imasankha mafomu ena n'kupempha kuti bwana amene ankakuyang'anirani atsimikize zimene mwalemba.

Ndikukayika ngati miyezi yanu ingakwane, ndipo sukulu yokufunirani zabwino ikanayamba yakufunsani zimenezi isanatchule za malipiro.

Tsopano tinene chimene satifiketi imachita munthu akamasaka ntchito. Malo amodzi akalengezedwa, makalata amabwera mulu. Woyamba kuwaona nthawi zambiri sadziwa zoyendetsa mapulojekiti. Ali ndi mndandanda wa zofunika ndipo akungosefa, mwinanso wosefayo ndi kompyuta yofufuza mawu. Ngati pamndandandapo pali PMP ndipo pa CV yanu palibe, kalata yanu imagwera pambali munthu asanawerenge n'komwe zimene mumatha. Phindu lalikulu la pepalali lili pamenepo, pokudutsitsani pasefa. Mukalowa m'chipinda cha intavyu zinthu zimatembenuka. Amene akhala kutsogolo kwanu adzafuna kumva zimene munachita tsiku limene wobweretsa zitsulo anachedwa masabata atatu amisiri ali chiimire, kapena mmene munawauzira abwana kuti bajeti yaperewera ntchito ili pakati. Mayankho a mafunso otero inu muli nawo kale. Wachinyamata amene wangokhoza mayeso dzulo alibe.

Mwina kusukuluko anakusonyezaninso kafukufuku wonena kuti okhala ndi PMP amalandira malipiro okwera kuposa opanda. PMI imatulutsadi kafukufuku wotere. Ine ndimamuwerenga ndi diso limodzi lotsinzina, pa zifukwa ziwiri: wowerengera ndi mwini malonda, komanso munthu sangapeze PMP asanatsogolere ntchito kwa zaka zingapo, ndiye anthu amenewa anali kale patsogolo pepalalo lisanabwere. N'kovuta kulekanitsa gawo la pepala ndi gawo la zaka.

Nayi ntchito imene ndikukupatsani, ndipo siifuna ndalama. Sonkhanitsani zotsatsa ntchito 30 za miyezi yapitayi, zokhazo zimene mungafunsiredi, osati za maloto. Pa chilichonse onani ngati satifiketi yalembedwa kuti ndi yofunika, kapena angoti okhala nayo adzakhala ndi mwayi woposa, kapena sanaitchule. Onaninso dzina lake lenileni, chifukwa gulu lililonse la olemba ntchito lili ndi yake imene limakonda. Makampani akuluakulu a zomangamanga ndi zaumisiri amatchula PMP kawirikawiri. PRINCE2 imamveka kwambiri kumene kayendetsedwe ka ntchito kanatengera ku Britain. Mabungwe a zachitukuko ali ndi Project DPro, imene kale inkatchedwa PMD Pro, ya bungwe la PM4NGOs, ndipo buku lake lophunzirira limapezeka mwaulere pa intaneti. Opanga mapulogalamu a kompyuta amafunsa za Scrum, njira yoyendetsera ntchito m'magawo aafupi. Kugula yolakwika kuli ngati kusulitsa kiyi wokongola wa chitseko cha eni.

Powerengapo musaphonye mzere wonena za digiri. Ngati zambiri mwa ntchito zotchula PMP zikufunanso digiri, ndiye kuti chimene chikukutsekerezani ndi china, ndipo satifiketi siichotsa chopingacho. Ndiponso ndikuganiza kuti mukamaliza kuwerenga mudzapeza kuti ntchito zokuyenerani kwambiri ndi za zogula, kumene dzina lomveka ndi CIPS, bungwe la ku Britain la akatswiri ogula ndi kupereka katundu. Zaka 6 zanu zili kumeneko. Munthu sasiya munda umene walima kale n'kukayamba kuswa mphanje chifukwa choti wamva kuti kutsidya mbewu zikukula.

Tiyerekeze kuti mwawerenga ndipo zikuonekadi kuti pepala la mapulojekiti likufunika. Pali makwerero aafupi. PMI yomweyo ili ndi CAPM, imene imafuna satifiketi ya kusekondale ndi maola 23 a maphunziro basi, osafunsa zaka za pantchito, ndipo amene ali nayo sapemphedwanso maola 35 aja akadzafuna PMP. Gawo loyamba la PRINCE2, lotchedwa Foundation, aliyense akhoza kulemba. Kunena zoona, ziwirizi sizilemera ngati PMP pamaso pa wolemba ntchito, koma zimakupatsani chinenero cha ntchitoyi, kuti zimene mwakhala mukuchita ndi manja muzitha kuzitchula ndi mayina amene ofunsa mafunso amawadziwa.

Powerengera mtengo, chitani ngati mmene munkachitira pogula katundu wa kampani: musaone mtengo wa pachikwangwani wokha. Ikanipo maphunziro, mayeso, mabuku, intaneti, ndi ndalama yolemberanso ngati mwalephera ulendo woyamba, pakuti mayeso a PMP ndi a maola pafupifupi anayi ndipo si onse amakhoza kamodzi. PMP imafunanso kukonzedwa zaka zitatu zilizonse, ndi maola 60 a maphunziro owonjezera komanso malipiro ena. Mukaphatikiza zonse, chotsani pa ndalama muli nazo. Ngati zotsala sizingasunge banja lanu miyezi itatu, dikirani. Za ngongole musaziganizire n'komwe, makamaka ya katapila; chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa lero pamene tsiku lolembedwa ntchito palibe akulidziwa. Nthawi yabwino yogulira pepala lodula ndi pamene muli kale pamalipiro, ndipo makampani ena amalipirira antchito awo, ngakhale kuti ambiri amasainitsa pangano loti musachoke msanga.

Pakadali pano tsegulani CV yanu. Ndikhulupirira pali mzere wonga wakuti "ndinkayang'anira zogula ndi kusunga katundu", umene suuza munthu kanthu. Ufufuteni, ndipo m'malo mwake mulembe ntchito zitatu kapena zinayi mwa zija mwakumbukira ndi cholembera: nyumba yake inali yaikulu bwanji, ndalama zodutsa m'manja mwanu zinali zingati, munkachita ndi ogulitsa angati, ntchito inatha pa nthawi yake kapena ayi, ndipo pamene zinavuta munachitapo chiyani. Mukatero muwaimbire foni abwana anu akale, muwapemphe kalata yaumboni yotchula ntchito zimenezo mayina, iwo asanasamuke kapena kuiwala. Kalata imeneyo idzagwira ntchito kawiri, kwa wolemba ntchito chaka chino komanso ku PMI tsiku limene miyezi yanu idzakwane.

Ndipo a kusukulu aja akakuimbiraninso kuti malo atsala ochepa, muwapemphe akuuzeni kuti mwa ophunzira awo a chaka chatha ndi angati analembadi mayeso a PMI, ndipo anakhoza angati. Muwauze kuti yankholo mukulifuna lolemba.